Kavalo wa Dera Lonse: Mbiri ya Akavalo Amphongo Oyendera Midzi ku Scotland

Mphunzitsi aliyense wa m'dziko muno amadziŵa kuti mzinda wa Blantyre unatenga dzina lake ku mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira m'chaka cha 1813. Koma ndi oŵerengeka okha amene amadziŵa kuti mudzi umenewo uli m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, m'dera la Lanarkshire, ndi kuti chigwa cha mtsinjewo, chimene eni dziko amachitcha Clydesdale, ndicho chinapatsa dzina mtundu wa akavalo aakulu okoka mapulawo ndi ngolo, amene mbiri yao inamveka kufikira ku Canada ndi ku Australia. M'nkhani ino tifuna kulongosola m'mene alimi a kumeneko anapezera akavalo otere, makamaka mwambo wao wobwereka kavalo mmodzi wamphongo kuti ayendere midzi ya dera lonse ndi kukwera akavalo aakazi a mlimi aliyense wofuna. Nkhaniyi ndi ya kutali, ndipo ambiri a ife sitinagwirepo chingwe cha kavalo, pakuti kashembe ndi matenda ena sanalole nyamayi kuchuluka kuno. Komabe funso limene alimi aja anakumana nalo silachilendo kwa mwana wokulira pafupi ndi khola: kodi munthu wosauka angaipeze bwanji mbeu yabwino ya chiŵeto, pamene mphongo yabwinoyo sangathe kuigula kapena kuisunga yekha?

Chimene chinafunitsa kavalo wamkulu

Kufikira pakati pa zaka za m'ma 1700 alimi ambiri a ku Scotland ankalima ndi ng'ombe. Pulawo yao yakale inali yamtengo, yaitali ndi yolemera, kotero kuti pankafunika ng'ombe 8, mwina kuposapo, ndi amuna atatu kapena anai kuti munda ulimidwe. Mlimi mmodzi sakanatha kukhala nazo zonsezi, chotero anansi ankasonkha ng'ombe zao pamodzi. Zinthu zinasintha pamene mmisiri wina wa ku Berwickshire, dzina lake James Small, anakonza pulawo yopepuka m'zaka za m'ma 1760, yokhala ndi chitsulo chopindika bwino chimene chinkatembenuza dothi mosavuta. Pulawo imeneyi inkangofuna akavalo aŵiri ndi munthu mmodzi. Iwoŵa ankalima pafupifupi ekala imodzi pa tsiku, ndipo wolimayo, potsata mizere yopapatiza ya mainchi 9, ankayenda mtunda wa mailosi 11 dzuŵa lisanaloŵe. Kavalo amayenda msanga kuposa ng'ombe, ndipo m'dziko lozizira, m'mene masiku abwino olimira ndi okololera ali ochepa, liŵiro limenelo linali la mtengo wapatali.

Pa nthaŵi yomweyo mizinda inali kukula. Malasha a m'migodi ya Lanarkshire anafuna womakokera ku Glasgow, ndipo ngakhale njanji itafika ntchito ya kavalo sinachepe, koma inachuluka, pakuti katundu yense wotsika m'sitima ankanyamulidwa pa ngolo kupita kumasitolo, kumafakitale ndi kumadoko.

Chovuta chinali chakuti akavalo a m'dzikomo anali aang'ono. Mbiri imati pakati pa 1715 ndi 1720 mlimi wina, John Paterson wa ku Lochlyoch, anabwera ndi kavalo wakuda wamphongo wa mtundu wa ku Flanders kuchokera ku England, ndi kuti pambuyo pake Duke wachisanu ndi chimodzi wa ku Hamilton anaitanitsanso ena a mtundu womwewo, nalola anthu olima m'minda yake kukweretsa akavalo ao. Ana obadwa m'menemo anatenga msinkhu wa atate ao ndi kupirira kwa amai ao. Dzina lakuti Clydesdale linayamba kumveka pa chionetsero cha ku Glasgow m'chaka cha 1826. Azungu amayesa msinkhu wa kavalo ndi chikhatho, ndipo chikhatho chimodzi ndi mainchi 4. Kavalo wamphongo wokhwima wa mtundu umenewu amafika zikhatho 17 kuyambira pansi kulekeza pa linunda, ndiko kuti mafiti 5 ndi mainchi 8, ndipo kulemera kwake kumayandikira tani imodzi.

Vuto la mlimi wamng'ono

Tsono tiyeni tiganize za mlimi wa munda wochepa, amene ali ndi akavalo aakazi aŵiri kapena atatu. Akavalo amenewo ndiwo khasu lake, ndiwonso nkhokwe yake. Kavalo wamkazi amakhala ndi bere miyezi 11, nagwirabe ntchito yopepuka kufikira masiku ake atayandikira. Mwana wake amayamba kuphunzira kukoka ali ndi zaka ziŵiri kapena zitatu, nalimira mbuye wake kufikira zaka zisanu. Pamenepo, ngati ndi mphongo yofulidwa, yamphamvu ndi yopanda chilema, amagulidwa ndi makampani a njanji kapena ofulula moŵa a m'mizinda pa mtengo wabwino. Ndalama ya mwana mmodzi wotere inkathandiza kwambiri kulipira lendi ya munda. Koma ngati mwanayo wabadwa wopunduka miyendo kapena wobanika popuma, mlimi wataya zaka zisanu za chakudya ndi chisamaliro. Chotero kusankha tate wa mwanayo sikunali nkhani yamaseŵera.

Nanga bwanji mlimi sankangoŵeta mphongo yakeyake? Zifukwa zinali zitatu. Choyamba, mphongo yabwino inali yodula kuposa zimene mlimi wamng'ono akanapeza. Chachiŵiri, kavalo wosafulidwa ndi nyama yaukali, yofuna khola lakelake ndi munthu wodziŵa kuigwira, ndipo imadya chaka chonse pamene ntchito yake yeniyeni ndi ya miyezi itatu kapena inai yokha. Chachitatu, mphongo ikakhalitsa pamalo amodzi imadzakwera ana ake omwe, ndipo mbeu imafooka.

Maiko ena anayesa njira zina. Ku England, m'chaka cha 1540, Mfumu Henry VIII inaika lamulo loletsa kutayirira akavalo amphongo osafika zikhatho 15 m'madambo odyetsera a anthu onse m'madera ambiri, poganiza kuti akavalo aang'ono akaleka kubereka mtundu wonse udzakula. Ku France boma lenilenilo linatenga ntchitoyi m'manja mwake kuyambira 1665, m'masiku a nduna Colbert, ndipo m'kupita kwa nthaŵi linamanga makola aakulu a boma, monga la Le Pin ku Normandy, kumene akavalo amphongo ankatumizidwa m'madera pa nyengo yake. Ku England komweko Robert Bakewell wa ku Dishley, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1725 kufikira 1795, anatchukitsa mwambo wobwereketsa mphongo kwa nyengo imodzi m'malo moigulitsa, makamaka nkhosa. Alimi a ku Scotland anatenga nzeru yobwerekayi, koma anaiika m'manja mwa mabungwe a alimi eni ake.

Bungwe la alimi ndi pangano lake

Zolembedwa zosonyeza mwambowu zimayambira m'chaka cha 1837, ngakhale kuti akavalo oyendayenda analipo kale. Alimi a dera limodzi ankapangana kukhazikitsa bungwe, aliyense nasonkha ndalama ya pachaka, ndipo eni minda aakulu ankaonjezapo zao. Poyamba bungwe linkaitana eni akavalo ku chionetsero cha m'dera lao lomwelo, ndipo kavalo wopambana ankalandira mphotho ya ndalama. Koma mphothoyo inali ndi chingwe chake, pakuti mwini kavalo ankalonjeza kuti kavalo wakeyo adzayenda m'dera limenelo nyengo yonse. Pambuyo pake, njanji itafalikira, zinapepuka kuti mabungwe azitumiza nthumwi zao ku chionetsero chachikulu cha akavalo amphongo ku Glasgow, chimene chinkachitika kumayambiriro kwa chaka, chisanu chiri kutha. Kumeneko amuna atatu kapena asanu odalirika ankazungulira kavalo aliyense, kupapasa miyendo, kunyamula ziboda, kumvetsera kapumidwe kake atathamanga, kenaka n'kukhala pansi ndi mwini wake kukambirana mtengo. Akavalo otchuka ankapanganidwa chaka chathunthu nyengo isanafike.

Pangano linali ndi mfundo zodziŵika. Bungwe linkalipira mwini kavalo ndalama yomangira pangano. Pamwamba pa iyo mlimi aliyense wokweretsa ankapereka yake m'zigawo ziŵiri: gawo loyamba kavalo wake akakweredwa, gawo lachiŵiri zikadziŵika kuti watenga bere. Nzeru ya kagaŵidwe kameneka ndi yoyenera kuilingalira. Mwini mphongo sakanatha kupita chimanjamanja atadyetsa kavalo wake ndi kulipira womuyendetsa. Koma mlimi nayenso sankalipira zonse pa chinthu chimene sanachione. Onse aŵiri ankasenza tsoka pamodzi, ndipo mwini mphongo anali ndi chifukwa chosamalira kuti kavalo wake akhale wobereka. Pangano linkatchulanso chiŵerengero cha akavalo aakazi ololedwa, kaŵirikaŵiri pakati pa 80 ndi 100, linkati a m'bungwe ayambe ndiwo, ndipo linkanena chochita ngati mphongo yadwala kapena kufa nyengo isanathe. Patapita zaka zoŵerengeka bungwe linkasintha kavalo, kuti ana aakazi a woyamba uja akakula apeze mphongo yachilendo.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Chimene mlimi mmodzi sakanachitha, alimi 60 kapena 80 anachitha mosavuta, ndipo mbeu imene ikanakhala m'khola la munthu wolemera yekha inafika kwa wolima maekala oŵerengeka. Kumadera a kumapiri ndi kuzilumba, kumene anthu anali osaukitsitsa, boma linathandizapo: bungwe lotchedwa Congested Districts Board, limene linakhazikitsidwa mu 1897, linkatumiza nkhunzi, nkhosa zamphongo ndi akavalo amphongo kwa alimi aang'ono a kumeneko.

Ulendo wa sabata ndi sabata

Nyengo yokweretsa inkayamba cha kumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, nitha cha m'Julayi kapena Ogasiti. Chifukwa chake n'chapafupi: kavalo wokweredwa mu Meyi amaswa mu Epulo chaka chotsatira, msipu watsopano uli pafupi kuphuka ndipo ntchito yaikulu yolima itatha. Mphongo inkabwera m'dera pa sitima, koma kuyambira pamenepo inkayenda pansi. Woiyendetsa ankanyamuka Lolemba m'maŵa, atagwira chingwe, iye kumanzere kavalo kumanja, natsata njira yoikika: masana pa famu yakuti, usiku pa nyumba ya alendo yakuti, tsiku la msika m'tauni yakuti, kufikira Loŵeruka pamene ankabwerera kumene anayambira. Lamulungu linali lopuma. Sabata yotsatira ankabwerezanso njira yomweyo. Njirayo inkasindikizidwa pa timapepala tolimba pamodzi ndi dzina la kavalo, maina a makolo ake, mphotho zimene anapata ndi mtengo wake, ndipo timapepalato tinkagaŵidwa m'misika ndi kwa osula zitsulo.

Kubwereza njira kumeneku kunali ndi cholinga. Kavalo wamkazi amafuna mphongo kwa masiku oŵerengeka okha, ndipo akapanda kutenga bere nthaŵiyo imabweranso patapita masabata atatu. Popeza mphongo inkadutsa pa malo amodzimodzi sabata iriyonse, mlimi ankadziŵa tsiku ndi ora loikumana nayo, ndipo ankatha kubweranso sabata yachitatu kudzayesa ngati kavalo wake waima. Wamkazi akakana mphongo, kumenya mateche ndi kugwetsa makutu, chinali chizindikiro chabwino.

Tsiku la msika linali la chionetsero. Woyendetsa ankadzuka mbandakucha kutsuka ubweya woyera wa m'miyendo ya kavalo, kupesa thupi lonse kufikira litaŵala, ndi kuluka nsalu zamaŵangamaŵanga m'ubweya wa pakhosi ndi kumchira. Kenaka ankamuyendetsa pakati pa mseu, anthu atandanda uku ndi uku, ana a sukulu akuthamangira kudzaona. Ntchito ya munthu ameneyu inali yolemera. Ankakhala kutali ndi banja lake miyezi itatu kapena inai, nayenda mailosi ambiri tsiku ndi tsiku pa mvula ndi pa dzuŵa, ndipo nthaŵi zina ankagona m'khola momwemo pafupi ndi kavalo. Ankalemba m'kabuku kavalo wamkazi aliyense ndi tsiku lake, pakuti m'kabukumo ndimo munali umboni wa ngongole ndi wa mibadwo. Mlimi aliyense ankamupatsa kandalama kapadera. Ngozi sinali kutali: nyama yolemera tani imodzi ikaluma kapena kuponda munthu, sipakhala kubwereza.

Anthu ogwira akavalo anali ndi zinsinsi zao. Kumpoto chakum'maŵa kwa Scotland kunali gulu lachinsinsi lotchedwa Horseman's Word, limene linkaloŵetsa anyamata olima usiku m'nkhokwe, ndi malumbiro ndi miyambo, nkuwauza mau amene ankati amagonjetsa kavalo aliyense. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti mbali yaikulu ya mphamvuyo inali m'mafuta onunkhira ndi onunkha: kavalo amamva fungo kwambiri, ndipo pali fungo lina limene limamukoka, lina limene limamuimitsa chiriri.

Mabuku a mibadwo ndi mlandu wa kavalo

Malonda atakula, ogula a kutali anafuna umboni wolembedwa wa makolo a kavalo. Chotero mu 1877 anakhazikitsa bungwe la Clydesdale Horse Society kuti lisunge buku la mibadwo, m'mene kavalo aliyense wovomerezeka ankalembedwa ndi nambala yake. Chaka chomwecho alimi a ku Suffolk ku England anayambitsa bungwe la akavalo ao ofiira, amene onse amachokera kwa mphongo imodzi ya Thomas Crisp wa ku Ufford yobadwa mu 1768. Ndipo mu 1878 linayamba bungwe limene mu 1884 linatchedwa Shire Horse Society. Pakati pa 1884 ndi 1945 bungwe la Clydesdale linapereka zikalata za akavalo 20,183 otumizidwa kunja, ku Canada, America, Australia, New Zealand ndi maiko ena.

M'bukumo timaona m'mene mzere umodzi unakulira kuposa ina yonse. Kavalo wotchedwa Darnley, wobadwa mu 1872, anabala Top Gallant. Top Gallant anabala Sir Everard. Sir Everard anabala Baron's Pride. Ndipo Baron's Pride anabala Baron of Buchlyvie, amene anabadwa mu 1900. Kavalo wotsirizayu ndiye anautsa mlandu umene sunaiŵalike. Alimi aŵiri a ku Ayrshire, James Kilpatrick wa ku Craigie Mains ndi William Dunlop wa ku Dunure Mains, anali naye pamodzi, aliyense theka. Dunlop anati anagula theka la mnzake. Kilpatrick anakana kuti malondawo sanathe. Popeza panalibe kalata yomveka, mlandu unayenda m'mabwalo kufikira ku House of Lords ku London, kumene anagamula kuti Kilpatrick anali adakali mwini theka. Kavalo sagaŵika, chotero anamugulitsa poyera ku Ayr mu Disembala 1911, pamaso pa khamu lalikulu, ndipo mtengo unakwera kufikira mapaundi 9,500. Pambuyo pake zinadziŵika kuti wopambanayo ankagulira Dunlop yemweyo. Kuti timvetse kukula kwa ndalamayi, tikumbuke kuti wantchito wa m'munda pa nthaŵiyo ankapeza pafupifupi paundi imodzi pa sabata. Akanagwira ntchito zaka zoposa 180 kuti aifikire. Mu 1914 kavalo wamkazi anamenya Baron teche nathyola mwendo wake, ndipo anamupha. Mafupa ake anaikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya Kelvingrove ku Glasgow.

Mwana wake, Dunure Footprint, wobadwa mu 1908, anatchuka koposa.  Akavalo aakazi ndiwo ankabwera kwa iye pa sitima kuchokera kutali, ndipo pa nthaŵi ya kutchuka kwake mtengo unali mapaundi 60 pokweretsa ndi mapaundi 60 ena bere likaoneka. Apa tiona kuti mwambo umene unayamba monga chithandizo cha alimi wamba unabala malonda ena a anthu olemera okhaokha. Komabe aŵiriŵa ankadalirana, pakuti ana aamuna a akavalo otchukawo ndiwo ankabwerekedwa ndi mabungwe a m'midzi.

Zoipa zimene zinaloŵamo

Tisaganize kuti zonse zinali bwino. Choipa choyamba chinali cha akavalo oyenda okha popanda bungwe. Munthu aliyense wokhala ndi mphongo ankatha kuitulutsa pamseu natchula mtengo wotsika, ndipo mlimi wosauka kapena woumira ankakopeka. Ambiri a akavalo otereŵa anali ndi zilema zopatsira ana: ng'ala ya m'maso, kupuma kwa phokoso chifukwa cha kufooka kwa kholingo, kuuma ndi kutupa kwa mafupa pamwamba pa chiboda, ndi kunjenjemera kwa miyendo yakumbuyo. Kavalo wonenepa, wopesedwa bwino ndi wovekedwa nsalu ankabisa zambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo popeza mphongo imodzi inkatha kubala ana makumi angapo pa chaka, chilema chimodzi chinkafalikira dera lonse anthu asanazindikire. Njira yomweyo imene inkafalitsa mbeu yabwino msanga inkafalitsanso yoipa msanga.

Boma linayamba ndi kupempha. Kuyambira 1911 eni akavalo ankatha kupimitsa mphongo zao kwa dokotala wa ziŵeto mwa kufuna kwao, nalembetsa zopezeka zangwiro. Koma amene ankadziŵa kuti kavalo wao ali ndi chilema sankabwera. Chotero mu 1918 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Horse Breeding Act, limene linaletsa kuyendetsa mphongo yokweretsa pa malipiro popanda chiphaso cha boma, ndipo chiphasocho chinkaperekedwa kavalo atapimidwa.

Choipa chachiŵiri chinachokera ku zionetsero zomwe. Oŵeruza a ku Scotland ankayang'ana kwambiri miyendo, ziboda, kayendedwe ndi ubweya wosalala wa m'miyendo, kotero kuti oŵeta ena anayamba kuŵetera maso a oŵeruza m'malo moŵetera munda. Ogula ena, makamaka a kunja, anadandaula kuti akavalo akutalika miyendo koma akuchepa chifuwa ndi thupi. Chachitatu, pamene aliyense anathamangira ana a Baron's Pride ndi a Dunure Footprint, mizere ina inazimirira, ndipo akavalo ambiri a mtunduwo anakhala pachibale chapafupi.

Kutha kwa ulendo

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itayamba mu 1914, asilikali anatenga akavalo oposa 100,000 m'Britain m'masabata oyambirira okha, ndipo mitengo inakwera kwambiri kufikira cha m'ma 1920, pamene inagwa. Malole anayamba kulanda ntchito ya m'mizinda, ndiye msika wa mphongo zofulidwa, umene unali phindu lenileni la mlimi, unachepa. M'minda kavalo anakhalabe kufikira Nkhondo Yachiŵiri. Chimene chinamutsiriza ndi thirakitala yaing'ono yotsika mtengo, monga ya Ferguson imene inayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946. Thirakitala sidya pamene siikugwira ntchito, sifuna munthu woidzukira usiku, ndipo munda umene unkalimidwa chakudya cha akavalo unatha kulimidwa chakudya cha anthu. M'zaka zochepa akavalo zikwizikwi, ambiri adakali aang'ono ndi amphamvu, anagulitsidwa kwa ophera nyama. Mabungwe a m'madera anatsekedwa limodzi ndi limodzi, pakuti panalibenso akavalo aakazi okwanira kulipirira ulendo wa mphongo. Mu 1966 ana a akavalo a Suffolk olembedwa m'buku anali 9 okha. Mu 1975 bungwe la Rare Breeds Survival Trust, limene linakhazikitsidwa mu 1973 kuti liteteze mitundu ya ziŵeto yotsala pang'ono kutha, linaika Clydesdale m'gulu la mitundu imene iri pangozi.

Mtunduwo sunathe. Mabanja oŵerengeka anausunga chifukwa cha kuukonda, ndipo masiku ano akavalo ameneŵa amaoneka pa zionetsero, pa mipikisano yolima, m'nkhalango zina m'mene amakoka mitengo pamalo osafika makina, ndi ku America kumene kampani ya moŵa wa Budweiser yakhala ikuwaonetsa kuyambira 1933. Koma mphongo yoyenda pansi mudzi ndi mudzi, ndi munthu wake pambali, inatha.

Zimene mphunzitsi angatolepo

Inu amene mukukonzekera kukaima patsogolo pa ana, mungapeze zinthu zitatu m'mbiri imeneyi. Choyamba, mbiri siiri ya mafumu ndi nkhondo zokha. Lamulo la Henry VIII linaopseza, koma amene anakuza akavalo a ku Scotland anali alimi wamba osonkha ndalama zao, osankha nthumwi zao, ndi olemba mapangano omveka. Ndipo mlandu wa Baron of Buchlyvie usonyeza chimene chimachitika pamene anthu aŵiri agwirizana pa chuma popanda kulemba. Ana a m'kalasi lachisanu angathe kumvetsa zimenezi mukaziyerekeza ndi nkhunzi kapena tonde wa m'mudzi mwao: ndani mwini wake, ndani amamudyetsa, wakhala zaka zingati m'khola limodzi, ndipo ana ake akukula kapena akuchepa?

Chachiŵiri, nkhaniyi iri ndi masamu ndi za chilengedwe. Ana angaŵerenge mwezi umene kavalo wokweredwa mu Juni adzaswa, kapena masiku amene akavalo aŵiri angalimire maekala 40, nayerekeza ndi miyezi 9 ya bere la ng'ombe ndi miyezi 5 ya mbuzi.

Chachitatu ndicho chokhudza kwambiri ife ophunzira chinenero. Zambiri za nzeru ya ogwira akavalo zikanatayika pakadapanda George Ewart Evans, mphunzitsi wa ku Wales amene anakakhala m'mudzi wa Blaxhall ku Suffolk mu 1948. Iye anazindikira kuti nkhalamba za m'mudzimo zinali ndi mau ndi luso zimene sizinalembedwe m'buku lirilonse, ndi kuti thirakitala idzazikwirira pamodzi ndi eni ake. Chotero anakhala nazo pansi, nalemba zonena zao m'kalankhulidwe kao komwe, ndipo buku lake la akavalo, The Horse in the Furrow, linatuluka mu 1960. Ntchito ikatha, mau ake amatha nayo m'mbadwo umodzi. M'midzi imene mudzatumidwa muli akuluakulu odziŵa maina a maŵanga a ng'ombe, mau oitanira ndi okusira ziŵeto, zizindikiro za mphongo yabwino, miyambo yobwereketsa nkhunzi ndi yoikiza mbuzi kwa mnansi, ndi malamulo ogaŵana ana obadwa m'menemo. Khalani ndi kabuku kapadera. Lembani liu lirilonse monga mwini wake walitchulira, ndi tanthauzo lake, mudzi wake ndi chaka chimene mwalimva. Ndipo tumani ana anu akafunse agogo ao, abwere nazo m'kalasi kuti muziyerekeze pamodzi.